Khadi la a Kapitawo

4 Meyi

Okondedwa mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi anu. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha nyengo ino sichikundisiya. Achimwene anu anafika Lachiwiri, ndipo ndawalowetsa kale ntchito monga ndinakulonjezani. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki yemwe uja. Pa foni sindingalankhule zakukhosi, chifukwa m'chipinda muno ukangoti halo, anthu onse amasiya kutafuna kuti amve nawo.

Ntchito ndi yomwe ija ya nkhuku. Zimabwera zitapachikidwa miyendo m'mwamba pa tcheni, ine ndimatumbula, achimwene anu awaika kotsuka matumbo. Tsiku lonse timaima m'madzi a magazi ndi nthenga, ndipo fungo lake limalowa mpaka kunsi kwa zikhadabo. Ndimasamba m'manja katatu, koma ndikagwira buledi akununkhabe nkhuku. Tsiku limene ndidzabwere musadzandiphere nkhuku, chonde, ndingadzachititse manyazi pamaso pa alendo.

Komabe kuntchito kuli bwino poyerekeza ndi kogona. Tilimo anthu khumi ndi awiri, mabedi asanu ndi limodzi. Ife a masana tikamadzuka, a usiku akufika, ndiye munthu umagona pa thukuta la mnzako lisanaume. Mawindo anawatseka ndi masanza chifukwa cha kuzizira, moti mpweya umene tikupuma lero ndi womwe tinapuma dzana. Pampopi pali kapu imodzi yomangirira chingwe, m'milomo mwake mwada bii. Ndudu imodzi imazungulira anthu asanu, ikamafika kwa womaliza yanyowa ngati yatoledwa m'chithaphwi. Ine ndili ndi kapu yangayanga imene ndimakiyira m'sutikesi, n'chifukwa chake anandipatsa dzina loti a Sopo. Aseke mmene angasekere, ine malovu a munthu sindimwa.

Achimwene anu masiku asanu okha apatsidwa kale lawo, akuti a Wailesi, poti pakamwa sipatseka. Amaimba akutsuka matumbo, amaimba ali m'chimbudzi. Ndawauza kuti paja ukaipa dziwa nyimbo, iwo angoseka n'kukweza mawu. Ankafuna kulowa shifiti ya usiku kuti tizisinthana bedi limodzi poti ndife pachibale, koma ndakana, mapazi awo mukuwadziwa inu. Ndawapereka kwa a Chipewa, bambo wachikulire wa shifiti ya usiku amene savula chipewa chake chaubweya ngakhale posamba. Wakhala kuno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuti nyumba imene akumanga kwawo yangotsala zitseko. Ameneyo sadandaula kanthu, angagone ngakhale pambali pa mbuzi.

Kunena za mbuzi, yaikazi ija musagulitse, kaya wina akunyengerereni bwanji. Denga la khitchini lidikire kaye.

Ndine mwamuna wanu.

25 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chatsika. Ife tili bwino. Ndatumiza kangachepe, mumugulire wamkuluyo nsapato, koma zokulirapo, phazi lake likuthamanga kuposa malipiro anga. Sopo kuno wakweranso mtengo, ndipo pali wina muno amene akumasambira wanga mobisa. Dzulo ndinapezapo tsitsi lomwe si langa, ndinachita kumusenda ndi mpeni ngati mbatata.

Mwafunsa kuti tikadwala timatani poti mapepala okhalira m'dziko muno tilibe. Njira ilipo, ngakhale ndi yonyansa. Mwa tonse ochokera kwathu, amene ali ndi mapepala enieni ndi khadi la chipatala ndi a kapitawo okha. Iwo sagona nafe, ali ndi nyumba yawo kutsidya kwa njanji, mkazi ndi ana atatu. Wina akadwala amakagwada kwa iwo n'kubwereka khadilo. Chithunzi chake chinafufutika kalekale ndi thukuta la m'matumba a anthu, moti aliyense amafanana nacho. Ukafika pawindo la chipatala umatchula dzina la a kapitawo, zaka zawo ndi nambala ya nyumba yawo, ndipo pobweza umaperekezapo kenakake. Lamulo ndi limodzi: usatchule kumene timagona, chifukwa pa mapepala a kampani chipinda chino ndi mosungiramo makatoni.

Ndiye m'mabuku a chipatala a kapitawo ndi munthu womvetsa chisoni. Anazulidwa mano khumi ndi anayi, anathyoka mkono kawiri, chinzonono katatu, chala chimodzi chinaduka kenako chinameranso. Achimwene anu akuti chatsala n'kubereka basi. Eni akewo ali bwinobwino, mimba patsogolo, ndipo asanakupatse khadilo amayamba atokosera m'mano ndi ngodya yake. Ndinaziona ndi maso angawa, chakudya chinandikanika tsiku limenelo.

A Wailesi ndi a Chipewa agwirizana kwambiri. Madalawo amawasiyira theka la ndudu pansi pa pilo, iwo amawasiyira tiyi m'botolo. Ndinawauza kuti zimenezo n'zauve, anandiyankha ndi nyimbo.

Mwana wamng'onoyo musamulole kusewera kudzala.

Ndine wanu.

9 Juni

Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Achimwene anu ndi amene sali bwino kwenikweni, ali m'chipatala kuyambira dzulo. Amayi musawauze kaye.

Zinayamba Lachisanu. Anaweruka akuti mutu ukung'ambika, thupi lili moto. Poti Lachinayi anali atamwako, ndinati ndi matsire, ndinawapatsa mapiritsi a mutu awiri n'kuwauza kuti asiye kubuula ngati mwana. Loweruka sanadzuke. Anasanza pabedi, pansi, ndi m'nsapato zanga za ntchito. Ndikuuzeni zoona, ndinawatukwana. Ndinatha ola lathunthu pampopi ndikutsuka nsapatozo, mwini masanzi akubuula m'kati. A Chipewa atafika sanawadzutse kuti awapatse malo. Anangopukuta pabedipo ndi thaulo lawo n'kugona nawo limodzi, mutu ndi mutu, kuti awafunditse.

Lamulungu m'mawa wailesi inali itazima. Ankabisa maso, akuti kuwala kwa babu kukuwabaya. A Chipewa anayesa kuwadzutsa mutu kuti amwe madzi, koma khosi linali gwa ngati mpini, chibwano chosafika pachifuwa. M'miyendo munali mutatuluka timadontho tofiirira, ine ndinati ndi nsikidzi poti tili nazo zokwanira mudzi wonse. Atayamba kunditchula dzina la malemu bambo anu m'pamene ndinathamangira khadi. A kapitawo anali kutchalitchi, ndinawadikira panja mpaka nyimbo yomaliza. Pakadafunda padajiwitsa galu, mayi.

Ndinawabereka kumsana mpaka pamsewu, ndipo anandisanziranso m'khosi. Kuchipatala mzere unali wautali, koma nesi wina wamfupi atawaona anatenga tambula yagalasi n'kuidinikiza pa timadontho tija. Timadonthoto sitinazimirire. Nkhope ya nesiyo inasintha, anayamba kuthamanga, ndipo mzere wonse tinaudumpha. Anawapinda chammbali maondo kufika pachifuwa, n'kuwabaya jakisoni wamkulu pamsana kuti atenge madzi. Akuti madzi amenewo amayenera kukhala oyera mbee ngati a pampopi. Awo anatuluka ngati otsukira mpunga.

Tsopano ali m'chipinda chaokha, madiripi mikono yonse. Pamwamba pa bedi palembedwa dzina la a kapitawo, ndipo anesi akamawaitana ndi dzinalo ine ndimayang'ana pansi. Ndilembanso ndikamva zenizeni. Mupemphere.

Mwamuna wanu.

13 Juni

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino, ndipo musade nkhawa za ine, ndamwa mankhwala oteteza. Achimwene anu akupumabe, koma sanatsegule maso. Adokotala akuti tidikire.

Ndi matenda oumitsa khosi. Nesi wamfupi uja anandifotokozera pang'onopang'ono poti chilankhulo cha kuno ndimachimva motsimphina. Akuti matendawa ali mitundu. Ena amabwera ndi vairasi, ndipo amenewo kawirikawiri amatha okha munthu akapuma. Awa ndi a bakiteriya, tizilombo talowa m'kansalu kokuta ubongo, ndipo timatha kumaliza munthu m'tsiku limodzi. Akuti timayenda m'malovu: kutsokomolerana, kumwera kapu imodzi, kulandirana ndudu, kugona mothithikana mopanda mpweya. Ndinangotsala pang'ono kuseka, chifukwa ankafotokoza chipinda chathu ngati anagonamo.

Kenako anatenga pepala n'kundifunsa kuti, "Bambowa amagona ndi ndani chipinda chimodzi? Onsewo akufunika mankhwala lero, asanadwale."

Ndinayankha monga tinaphunzitsidwira. Ndinatchula nambala ya nyumba ya pakhadi, mkazi ndi ana atatu. Ine anandipatsa mapiritsi a masiku awiri poti ndinawabereka ndipo anandisanzira, n'kundichenjeza kuti mkodzo ufiira, ndisadabwe.

Lachiwiri azaumoyo anapita kunyumba kwa a kapitawo atavala zotseka pakamwa, n'kuuza mkazi wawo kuti amuna ake ali chikomokere m'chipatala. Mayiyo anagwa pansi, chikhalirecho anali atawalongedzera yekha chakudya m'mawa womwewo. Atatsitsimuka anazindikira kuti ndi nkhani ya khadi, anatseka pakamwa, ndipo ana atatu anameza mankhwala a matenda a munthu amene sanamuonepo chibadwire. Amene anapukuta masanzi ndi thaulo lake sanalandire ngakhale theka la piritsi.

Madzulo ake a kapitawo anabwera kwathu. Sanalowe, anaima pakhomo mpango uli pamphuno, n'kunena kuti wina akangotchula chipinda chino kuchipatala, tonse tikwera galimoto ya apolisi ndi zovala zomwe tavalazo. Munthu ameneyu amandinyansa kuposa matumbo a nkhuku yofa yokha, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anzanga atandifunsa ndinawauza kuti ndi malungo aakulu. Mapiritsi anga ndamwera m'chimbudzi, ndipo ndikataya madzi ndimathira ndowa yathunthu kuti wina asaone kufiirako.

Musandiweruze, mayi. Anthu khumi ndi awiri, aliyense ali ndi ana akudikira kwawo ngati athuwa. Mwina sizigwira wina. Kapu ya pampopi ija ndaidula chingwe n'kuitaya, anditukwana, ndipo amangirirapo chitini cha nsomba. Pamenepo ndiye pamene ndafika.

Za mbeu mwafunsazo, chitani mmene mukuonera.

Ndine wanu.

19 Juni

Mayi,

Moni. Thupi langa lili bwino, zina ayi. Achimwene anu atsegula maso dzana. A Chipewa amwalira Lachiwiri masana.

Mutu unawayamba Loweruka. Lamulungu ankabisa maso ku babu lomwe lija, ndipo ine ndinadziwa nthawi yomweyo, panalibenso zoti matsire kapena nsikidzi. Ndinathamangira kwa a kapitawo kukapempha khadi. Ndinawapeza akutsuka galimoto yawo, ndipo anandiseka.

"Khadi liti? Ine ndagonekedwa kale m'chipatala muja, bedi lachisanu ndi chiwiri. Munthu mmodzi angagone mabedi awiri? Madalawo adikire mlamu wako atuluke."

Chimene chikundinyansa mpaka lero n'choti titamva zimenezi tonse tinagwedeza mitu ngati zanzeru. Tinazolowera kudikirana. Bedi timadikirana, chimbudzi timadikirana, ndudu timadikirana, ndiye anthu anati khadinso ndi chimodzimodzi, madala apirire. A Chipewa eni ake, mawu akutuluka movutikira, anati adikira, sakufuna kumangitsa ana a eni chifukwa cha mutu. Anzangawo ankaganiza kuti ndi malungo, poti ndi zimene ndinawauza. Amene ankadziwa kuti matendawa sadikira ndinali ine ndekha. Ndipo Lolemba m'mawa ndinavala nsapato zanga zotsuka bwino n'kupita kukatumbula nkhuku.

Nditaweruka ndinawapeza a Chipewa ali okha. Anali atadziipitsira, ntchentche zili ng'waa ngakhale kukuzizira chonchi, ndipo chipewa chija chinali pansi. Kanali koyamba kuona mutu wawo, imvi zokhazokha, wochepa ngati wa mwana. Ndinawanyamula momwemo osawapukuta, ndipo sindinasambe mpaka mawa lake.

Kuchipatala ndinapeza nesi wamfupi yemwe uja. Atafunsa za khadi ndinati palibe, ndipo ndinamuuza zonse: kuti wa pabedi lachisanu ndi chiwiri ndi mlamu wanga, kuti dzina lili pamwamba pake ndi lobwereka, kuti timagona m'chipinda cha makatoni. Sanakalipe. Anangofunsa kuti tilimo angati, n'kulemba nambalayo, kenako anandiyang'ana mmene ine ndinkayang'anira kapu ya pampopi ija.

Anayesetsa, koma akuti tinachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri. Madalawo amwalira ndi dzina lawo lenileni. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, aka kanali koyamba kuti dzinalo lilembedwe m'buku lililonse la kuno.

Azaumoyo anafika kwathu Lachiwiri lomwelo. Anapatsa aliyense mapiritsi, anazula masanza a m'mawindo, matiresi anawatulutsa panja, ndipo zimene zinali kunsi kwake sindikuuzani. Tsopano chimbudzi chonse chafiira. Wina wakumbuka kuti sabata yatha anaona timadontho tofiira pamenepo ine nditangotuluka, ndipo nkhaniyo yazungulira ngati ndudu. Palibe akundilankhula. Ena akudana nane chifukwa ndinaulula, ena chifukwa ndinaulula mochedwa. Achiwiriwa sakulakwa.

Mwezi uno musayembekezere kanthu. Mbuzi ija ngati pavuta gulitsani.

Ine.

3 Julayi

Okondedwa mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo mawu anu ndawamva, ngakhale aja munalemba n'kufufuta. Ine ndili bwino. Palibe wina wadwala m'gulu lathu, masiku oopsa akuti adutsa.

Ntchito yatha. Akampani akuti sankadziwa kuti m'chipinda cha makatoni mumagona anthu, chikhalirecho mabedi anagula okha. Achikhoma ndi loko watsopano, ife tikugona m'holo ya tchalitchi china. A kapitawo angowasamutsira ku nthambi ina, ndinawaona dzana pageti akutokosa m'mano, ulendo uno ndi kamtengo ka machesi. Ife tapatsidwa pepala loti tituluke m'dziko muno pasanathe masiku khumi ndi anayi.

A Chipewa tinawaika kuno. Sutikesi yawo ili ndi ine, ndipo dalaivala wa thiraki akuti kwawo kwa madalawo akukudziwa, ndidzaipereka ndekha m'manja mwa akazi awo. Mulibe zambiri: malaya awiri, chipewa chija, ndi maloko anayi ndi mahinjesi ake, atsopano, okulungidwa bwino m'nyuzipepala.

Tsopano za achimwene anu. Muwauze amayi, koma muyambe mwawakhazika pansi. Ali moyo, akudya, akuyenda ngakhale mwadzandidzandi, ndipo dzina la pabedi analikonza. Koma sakumva. Adokotala akuti matendawa anawononga mitsempha ya m'makutu, lakumanja latheratu, lakumanzere mwina lidzagwirako pang'ono ndi kachipangizo, koma tisaikepo mtima. Akuti akanabwera Lachisanu lija kapena Loweruka, mwina bwenzi zili zina. Loweruka limenelo mukudziwa chimene ine ndinkatsuka.

Kuimba sanasiye. Amaimba mokweza kwambiri, nyimbo ikupita kwina iwo kwina, ndipo odwala anzawo amangowasiya. Akazi awo muwauze asavutike kuimba foni, azilemba. Ine ndinagula kope, ndi mmene timachezera: iwo amafuula, ine ndimalemba.

Masiku onsewa akhala akufunsa kuti a Chipewa bwanji sakubwera kudzawaona, ine n'kumalemba kuti ali pa shifiti. Dzulo anafunsanso, akuti akufuna awathokoze chifukwa cha usiku umene anawafunditsa. Ndinatenga cholembera. Kenako ndinalemba zonse, za funso la nesi, za mapiritsi a m'chimbudzi, za malungo abodza, za Lolemba lija. Zinakwana masamba atatu. Anawerenga pang'onopang'ono akutsata ndi chala, atamaliza anabwereranso poyamba. Sanalire, sanandikalipire. Anatseka kopelo n'kuliika pansi pa pilo.

Patapita nthawi anati akumva ludzu. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kapu yanga ija, imene sanaikhudzepo munthu wina chiigulireni, ndinathiramo madzi n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaiyang'ana, kenako anaikankhira kwa ine ndi nsonga za zala. Poti mawu awo sakuwamva, ananena mokweza mpaka wodi yonse inatembenuka.

"Sungani, alamu. Ingade."

Anadzuka okha, akugwira khoma, n'kukamwa pampopi ndi manja.

Tinyamuka Lolemba, tonse awiri, mpando umodzi. Muwauze ana kuti akadzafuna kupereka moni kwa amalume awo asadzaitane kumbuyo. Adzaime patsogolo pawo, kuti adzawaone pakamwa.

Ndine mwamuna wanu.